Zilembo zonenepa ndi zothinana pa chikwangwani ndi pa paketi: yankho kwa wokonza zikwangwani wa ku Nchalo

Funso: Ndimakonza zikwangwani, maposita ndi masitika pa kompyuta kuno ku Nchalo. Gulu lina la alimi a mapira ndi chitowe landipatsa ntchito yowakonzera chikwangwani cha m'mbali mwa msewu wa M1, zolemba za pa mapaketi a ufa ndiponso chizindikiro cha malonda awo. Iwo akufuna zilembo zonenepa, zazitali, zodzaza bolodi lonse, ndipo pa bolodipo pakhale dzina la gulu, zonse zimene amagulitsa ndi manambala awiri a foni. Ndinatenga fonti (mtundu wa zilembo za pa kompyuta) ya Impact n'kuikokera m'mwamba kuti idzaze, koma anthu ena akuti akamadutsa pa minibasi sakutha kuwerenga msanga. Kodi ndi fonti iti yoyenera, ndipo kodi ndingagwiritse ntchito imodzi yomweyo pa zonsezi?

Achimwene, vuto la chikwangwani chanu silili pa kusankha zilembo zonenepa ndi zothinana, chifukwa zilembo za mtundu umenewu zinapangidwira ntchito yonga yanuyi. Vuto lili pa kuzikoka ndi dzanja, ndiponso pa kuchuluka kwa mawu amene eni ntchito akufuna kuti muwapanikize pa bolodi limodzi. Ine ndikanakhala pa mpando wanu ndikanatenga fonti ya Oswald kapena ya Barlow Condensed kuti ikhale ya mitu ndi ya dzina, ndikanaisiya mmene anaijambulira osaikoka ngakhale pang'ono, ndipo mawu ang'onoang'ono a pa paketi ndikanawalemba ndi fonti ina yotakasuka. Koma dzina la fonti palokha silikuthandizani pa ntchito ya mawa, choncho ndifotokoze chimene zilembo zimenezi zimakupatsani ndi chimene zimakulandani, makamaka mawu ake akakhala a Chichewa, a Chimang'anja kapena a Chisena.

Zilembo zimenezi zinabadwira m'malonda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 osindikiza a ku London anayamba kulandira ntchito zambiri za maposita olengeza katundu, zisudzo ndi maulendo, ndipo zilembo za m'mabuku zimene anali nazo sizinkaoneka patali. Mu 1816 William Caslon IV anatulutsa zilembo zosindikizira zopanda timizere ta kumapeto tija timaoneka m'mabuku, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1830 kampani ya William Thorowgood inali kugulitsa zilembo zoterezi zonenepa ndi zothinana. Ku New York, cha m'ma 1827, Darius Wells anapeza njira yosemera zilembo zazitali pa matabwa pogwiritsa ntchito makina, popeza zachitsulo za msinkhu wotero zinali zolemera ndi zodula. Pepala la posita silinkatambasuka, ndiye wosindikiza akapeza mawu aatali ankatola zilembo zothinana, akapeza mawu aafupi ankatola zotakasuka, kuti mzere uliwonse udzaze kuchokera mbali ino kufika mbali inayo. Nyuzipepala zinatengera zomwezo pa mitu ya nkhani. Alternate Gothic, imene Morris Fuller Benton anajambulira kampani ya American Type Founders mu 1903, ndiyo kholo la mafonti angapo amene mukuwaona lero pa intaneti. Kuyambira pachiyambi ntchito yake inali imodzi: kuti mawu ochepa akhale aatali msinkhu pa malo ochepa m'lifupi.

Tiyeni tione phindu limeneli pa bolodi lenileni. Bolodi la plywood limene mumagula ku sitolo ya zomangira ndi mamita 2.44 mulitali ndi mamita 1.22 mulifupi. Mukasiya mpata m'mbali zonse mumatsala ndi mamita 2.2 olembapo. Mukalemba mawu akuti UFA WA MAPIRA pa mzere umodzi ndi fonti yotakasuka ya Arial Bold, zilembo zimatalika pafupifupi masentimita 19. Mukalemba mawu omwewo ndi fonti yothina ya Bebas Neue pa mzere womwewo, zimapitirira masentimita 30. Ichi ndicho chimene alimi aja akuona ndi maso awo, ndipo sakulakwa kuchifuna.

Chimene sakuona ndi mtengo wake. Diso la munthu amene ali patali silizindikira chilembo ndi mizere yake yakuda yokha. Limachizindikira kwambiri ndi mpata woyera umene uli mkati mwake ndi m'mbali mwake. Chimene chimasiyanitsa O ndi D, kapena R ndi A, kapena 8 ndi 3, ndi maonekedwe a mpata umenewo. Wojambula akanenepetsa mizere n'kuthinanitsanso chilembo, mpata wa mkati ndiwo umayamba kutha, mpaka mu Impact umangotsala ngati kamng'alu kowongoka. Zikatero zilembo zonse zimayamba kufanana, ndipo patali mawu amaoneka ngati mizere yoimirira yondondozana. N'chifukwa chake chilembo chothina cha masentimita 30 sichiwerengeka patali ngati chilembo chotakasuka cha masentimita 30 omwewo. Okonza zikwangwani za pamsewu anaziona kalekale zimenezi. Ku United States zilembo za pamsewu zinagawidwa m'magulu kuyambira Series A, yothina kuposa onse, mpaka Series F, yotakasuka kuposa onse, ndipo Series A anaisiya kuigwiritsa ntchito. Ku Germany zilembo za DIN 1451 zili ndi mtundu wapakatikati wotchedwa Mittelschrift ndi wothina wotchedwa Engschrift, ndipo wothinawo amautenga pokhapokha dzina la malo litakana kukwanira. Ku Britain, Jock Kinneir ndi Margaret Calvert atapatsidwa ntchito yokonza zikwangwani za misewu kuyambira mu 1957, anasankha zilembo zotakasuka ndipo anasakaniza zikuluzikulu ndi zing'onozing'ono kuti dzina la tauni lizindikirike ndi maonekedwe ake munthu asanaliwerenge chilembo ndi chilembo. Choncho musanatole fonti yothina, dzifunseni ngati malo akuchepadi m'lifupi. Bolodi lanu lili ndi mamita 1.22 oti mukwere nawo m'mwamba, ndipo mawu akuti UFA WA pamwamba, MAPIRA pansi, olembedwa ndi zilembo zothina pang'ono chabe, akhoza kuwerengeka patali kuposa mzere umodzi wopanikizika.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene ndimachiona kuti n'chofunika kuposa zonse, chimenenso simungachipeze m'malangizo ambiri a pa intaneti chifukwa olemba ake amayesa mafonti ndi mawu a Chingerezi. Pa zilembo zonse zikuluzikulu, M ndi W ndizo zotakasuka mwachibadwa, chifukwa chilichonse chili ndi mizere inayi imene iyenera kulowa pa malo amene H amaikapo iwiri yoimirira. Wojambula fonti yothina amavutika kwambiri ndi zilembo ziwirizi, ndipo kawirikawiri mipata yake imangokhala timakona titatu tating'ono timene timatsekeka inki kapena penti akachuluka. Chilankhulo chathu chadzala ndi zilembo zimenezi. Taonani CHIKWAWA, MAKHANGA, CHITOWE, MCHEWERE, NYEMBA, MPHAMVU, ndi mawu olumikiza monga WA, KWA ndi MWA amene amapezeka pa chikwangwani chilichonse. Mu CHIKWAWA muli W awiri ndi A awiri otsatizana, zilembo za mizere yopendekeka zimene zimasiya mpata wosalingana ngati wojambula sanakonze bwino kutalikirana kwake. Onjezeraninso magulu a zilembo monga NKH, NTH, MPH ndi NTCH, mmene mizere yoimirira imatsatizana popanda chilembo chozungulira chopumitsa diso. Mawu akuti NKHUKU kapena MPHUNO mu fonti yothina kwambiri amasanduka mpanda. Mu zilembo zing'onozing'ono vuto limasamukira pa m, n, h ndi u, moti mawu onga mnyamata, mmene ndi m'munda amafuna kuti munthu awerenge miyendo ya zilembo. Ndiye musasankhe fonti poona mawu achitsanzo amene ali pa tsamba limene mukuitengapo. Lembani dzina la gululo, lembani CHIKWAWA, lembani NKHUKU, ndipo muone ngati M akusiyana bwino ndi N ndi H, ndiponso ngati W sanatsekeke pakati.

Chachiwiri ndi nkhodolero, kachizindikiro ka pamwamba kaja timalemba mu ng'ombe, ng'ona ndi Mang'anja. Kwa wojambula wa ku Ulaya kameneka n'kokongoletsa chabe, ndipo m'mafonti ambiri othina amakapatsa malo ochepa kwambiri moti kamamatirira ku G kapena ku O. Kwa ife kamasintha katchulidwe ngakhalenso tanthauzo: ng'oma ndi yoimba, pamene ngoma ndi nyama ya m'tchire. Kuno ku chigwa, kumene mabutchala ndi misika ya ziweto ya ku Ngabu ndi ku Bangula imalemba mawu akuti NG'OMBE tsiku ndi tsiku, nkhodolero iyenera kuoneka patali ngati chilembo chenicheni. Ipatseni mpata mbali zonse ziwiri ndi dzanja lanu, ndipo gwiritsani ntchito yopindika ija, chifukwa yowongoka imafanana ndi kachidutswa ka I. Ngati eni ntchito amalemba Malaŵi ndi kadenga pamwamba pa w, yesani chilembo chimenecho musanayambe ntchito. Mafonti ambiri a pa Google Fonts, tsamba la pa intaneti lotengapo mafonti aulere, ali nacho chifukwa chimapezekanso m'chilankhulo cha ku Wales, koma mafonti ambiri ongotoledwa pa intaneti alibe, ndipo kompyuta imangobwereka chilembocho ku fonti ina kapena kuika kabokosi. Komanso kadengako kamafuna malo pamwamba pa mzere, ndiye mizere iwiri ikayandikana kwambiri kamagunda zilembo za mzere wa pamwamba. Onaninso I wamkulu ndi l wamng'ono. M'mafonti ambiri opanda timizere ta kumapeto ziwirizi zimangofanana, ndipo dzina la Illovo, limene aliyense ku Nchalo amalidziwa, likhoza kuyamba ndi mizere itatu yosasiyana. Dzina lodziwika munthu amalilota, koma dzina latsopano la gulu la alimi sangalilote.

Za kukoka zilembo ndinene mosabisa kuti musachitenso. Wojambula fonti amachepetsa pang'ono mizere yopingasa poyerekeza ndi yoimirira, chifukwa diso limaona mzere wopingasa ngati wonenepa kuposa mmene ulili. Mukakokera chilembo m'mwamba, mizere yopingasa imanenepa pamene yoimirira ikhala chimodzimodzi, ndipo mukachifinya m'mbali yoimirira imaonda pamene yopingasa ikhala chimodzimodzi. Njira zonse ziwiri zimabala chinthu chimodzi: O wolemera pamwamba ndi pansi koma woonda m'mbali, S wopotoka, ndi E amene mikono yake yatseka mipata. Mu Impact, imene mipata yake ndi yochepa kale, kukoka kumamaliza kampata kotsalako. Wodutsa pa minibasi sangafotokoze chimene chalakwika, koma diso lake limachedwa, ndipo likamachedwa bolodi lapita kale. Mu CorelDRAW kapena pulogalamu ina iliyonse, kokani pa ngodya kuti chilembo chikule mofanana mbali zonse. Ngati mawu sakukwanira, sinthani fonti, gawani mizere kapena chotsani mawu ena.

Impact payokha si fonti yoipa. Anaijambula Geoffrey Lee mu 1965, inatuluka ku kampani ya Stephenson Blake ya ku Sheffield, ndipo inafalikira dziko lonse chifukwa Microsoft inaiika pa makompyuta a Windows kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Ili m'banja limodzi ndi Schmalfette Grotesk ya Walter Haettenschweiler ya mu 1954 ndi Compacta ya Fred Lambert ya mu 1963, zonse zopangidwira mitu ya magazini ndi maposita owerengedwa chapafupi. Koma pa ntchito yanuyi ili ndi zovuta ziwiri. Ndi yonenepa mopitirira muyeso wa chikwangwani cha pamsewu, ndipo masiku ano anthu anaizolowera pa zithunzi zoseketsa zoyenda pa Facebook ndi pa WhatsApp, zolembedwa zoyera ndi mkombero wakuda. Gulu limene likufuna kuti sitolo ya ku Limbe kapena ku Blantyre ilikhulupirire siliyenera kuvala maonekedwe amenewo. Anton, ya Vernon Adams, ndi yonenepa chimodzimodzi ndipo ndingaigwiritse ntchito pa mawu amodzi kapena awiri okha, monga CHIGAYO. Bebas Neue, ya Ryoichi Tsunekawa wa ku Japan, imene inatuluka mu 2010, ndi yaudongo ndipo mipata yake ndi yabwinoko, koma ili ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha, choncho siingalembe chiganizo, komanso yagwiritsidwa ntchito kwambiri moti siisiyanitsanso malonda a munthu ndi a mnzake. League Gothic ya mu 2009 ndi Alternate Gothic yemwe uja wobwezeretsedwa, yokongola pa posita koma yothina kwambiri kwa mawu athu okhala ndi M ndi W ambiri.

Chimene ndimakondera Oswald, imene Vernon Adams yemweyo anatulutsa mu 2011, n'chakuti ili ndi zilembo zikuluzikulu ndi zing'onozing'ono, ndipo imabwera mu makulidwe osiyanasiyana kuyambira yoonda kwambiri mpaka yonenepa yotchedwa Bold. Mukatenga Medium kapena SemiBold, zonenepa mwapakatikati, mumapeza mphamvu imene alimi akufuna koma mipata ikadali yotseguka. Barlow Condensed ya Jeremy Tribby ili ndi ubwino wina: ili ndi abale ake, Barlow Semi Condensed ndi Barlow wamba, ojambulidwa ndi dzanja limodzi. Mukhoza kuika yothina pa dzina, yothina pang'ono pa mndandanda wa katundu, yotakasuka pa mawu ang'onoang'ono, ndipo zonse zimaoneka za nyumba imodzi. Apa ndiye pali yankho la funso lanu lachiwiri: banja limodzi la mafonti likhoza kugwira ntchito zonse, koma fonti imodzi yothina siingathe.

Mukasankha fonti, ntchito yotsatira ndi kutalikirana kwa zilembo. Mafonti othina amabwera ndi zilembo zoyandikana kwambiri chifukwa anawapangira mitu yowerengedwa m'manja. Pa chikwangwani cha patali onjezerani mpata pang'ono pakati pa zilembo zonse, makamaka ngati ndi zikuluzikulu zokhazokha, kenaka mukonze pamanja malo ovuta monga WA, AW, KW, TA ndi LA. Zili ngati kupatulira thonje: mbewu zochepa zokhala ndi mpata zimabereka kuposa zambiri zothinana pa phando limodzi. Koma musapitirire muyeso, chifukwa mpata wa pakati pa zilembo ukayandikira kukula kwa mpata wa pakati pa mawu, UFA WA MAPIRA amasanduka mawu amodzi aatali. Chilankhulo chathu chili ndi timawu tambiri ta zilembo ziwiri monga wa, ya, za, la ndi ku, ndiye mpata wa pakati pa mawu uyenera kuoneka bwino kuposa mmene ungafunikire pa Chingerezi. Zilembo zoyera pa bolodi lakuda zimaoneka zonenepa kuposa zakuda pa bolodi loyera, chifukwa kuwala kumasefukira m'mphepete mwake. Zikakhala zoyera, chepetsani kunenepa ndi sitepe imodzi ndipo onjezerani mpata.

Za msinkhu, okonza zikwangwani ali ndi muyeso wongoyerekezera wakuti masentimita 2.5 a msinkhu wa chilembo amawerengeka mosavuta pa mtunda wa mamita 3. Ndiye kuti ngati mukufuna kuti munthu awerenge ali pa mamita 30, zilembo zikhale za masentimita 25, ndipo zikakhala zothina onjezeraniko. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, choncho mamita 30 amenewo amatha masekondi awiri asanakwane. M'nthawi imeneyo munthu amawerenga mawu atatu kapena anayi basi. Izi ndi zimene muyenera kuwafotokozera alimiwo mwaulemu: chikwangwani cha pa M1 chinene chimene akugulitsa ndi kumene chili, mwina ndi muvi wolozera. Dzina lonse la gulu likhale laling'onoko pansi pake, kwa oyenda pansi ndi a kabaza amene ali ndi nthawi yoima, ndipo mndandanda wa katundu ndi manambala a foni zipite pa khoma la nyumba yogulitsira. Ndikudziwa kuti komiti imafuna kuona zonse pa bolodi chifukwa yalipira ndalama za mamembala. Njira yowathandiza ndi kusindikiza zitsanzo ziwiri pa mapepala wamba pa msinkhu weniweni, ngakhale mawu amodzi okha olumikiza ndi selotepi, n'kuzimata pamalo pomwe padzakhale bolodi. Kenaka apampando ndi mamembala angapo, kuphatikizapo achikulire ndi ena amene amawerenga pang'onopang'ono, aime pa mtunda wa mamita 30 masana dzuwa lili pamutu, abwerenso madzulo. Chimene aone okha sichifunanso kukangana.

Nyengo ya chigwa chino imalowanso m'nkhaniyi. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, dzuwa limawala mothobwa m'maso, ndipo fumbi la m'mbali mwa msewu limakhala pa bolodi miyezi yambiri mvula isanalitsuke. Mtundu wofiira ndiwo umafulumira kusuluka padzuwa, makamaka pa zosindikiza za makina, ndiye musadalire kufiira kuti ndiko kusiyanitse zilembo ndi bolodi. Zakuda pa chikasu, zakuda pa choyera, kapena zoyera pa buluu wodera zimapirira bwino. Pewani zofiira pa zobiriwira, ndipo pewaninso mithunzi, mikombero iwiri ndi zithunzi kumbuyo kwa mawu, chifukwa chilichonse mwa zimenezi chimadya mpata womwe uja umene fonti yothina ili nawo wochepa kale. Masitika odulidwa ndi makina amayamba kumatuka pa nsonga zakuthwa kukatentha, ndipo M ndi W othina ali ndi nsonga zambiri zoterezo.

Pa paketi zinthu zimatembenuka, chifukwa munthu amaigwira m'manja. Dzina la ufa likhoza kukhala lothina ndi lonenepa, ndipo pa paketi yaitali yopapatiza zilembo zimenezi zimakhala pamalo pake penipeni. Koma kulemera kwa katundu, tsiku lothera ntchito, zosakaniza, kaphikidwe ndi keyala ya opanga, zomwe ogula komanso a Malawi Bureau of Standards amayang'ana, zilembedwe ndi fonti yotakasuka ya makulidwe wamba, m'zilembo zing'onozing'ono. Fonti yonenepa ikachepetsedwa kufika pa msinkhu wa mawu a m'nyuzipepala, inki imafalikira n'kutseka a, e ndi s, makamaka pa pepala la khaki ndi pa matumba olukidwa. Manambala ndiwo amafuna chisamaliro chapadera. M'mafonti othina 3, 6, 8, 9 ndi 0 amafanana kwambiri, ndipo 1 amayandikira 7. Nambala ya foni ya m'manja ili ndi manambala khumi, ndipo imodzi ikawerengedwa molakwika kasitomala watayika. Igaweni m'magulu atatu okhala ndi mpata woonekera, ndipo muilembe ndi fonti yotakasuka ngakhale pa chikwangwani. Mitengo nayonso chimodzimodzi: K1,500 ndi K7,500 zisiyane poyang'ana kamodzi.

Ponena za chizindikiro cha malonda, kulemba dzina ndi fonti yaulere sikukwanira kulisandutsa chizindikiro, popeza wina aliyense ku Dyeratu kapena ku Nsanje akhoza kutenga fonti yomweyo mawa. Chimene chimapangitsa kuti anthu alizindikire ndi kusasinthasintha: kalembedwe kamodzi, mitundu iwiri yomweyo, kakonzedwe kamodzi, pa bolodi, pa paketi, pa risiti ndi pa malaya a mamembala, kwa zaka zambiri. Mukhoza kulipatsa dzinalo nkhope yakeyake posintha zinthu zochepa ndi dzanja, monga kutsegula pakati pa W, kukulitsa nkhodolero, kapena kuika kachithunzi kosavuta ka ngala ya mapira pambali. Liyeseni lili laling'ono ngati chithunzi cha pa WhatsApp, liyeseninso lakuda lokhalokha ngati pa chidindo cha rabala, chifukwa gulu lililonse la alimi limadzafuna chidindo. Dzina lalitali lolembedwa mothina pa mzere umodzi limasowa mu kabwalo ka WhatsApp, ndiye konzeranitu mtundu wachiwiri wa mizere iwiri kapena itatu.

Ngati khoma la nyumba yogulitsira lidzalembedwa ndi penti, musamupeputse mmisiri wa bulashi. Olemba zikwangwani aluso a m'misika yathu amathinanitsa zilembo mwanzeru kuposa kompyuta yokokedwa, chifukwa dzanja lawo limasunga kunenepa kwa mzere uku likuchepetsa m'lifupi. Mupatseni dzinalo losindikizidwa pa msinkhu weniweni kuti alondole, mumuuze mitundu ya penti, ndipo mumvere akakuuzani kuti mpata wina ndi wochepa kwa bulashi yake pa khoma lokhakhala. Ngati matumba a makilogalamu 50 adzalembedwa popaka penti pa katoni kapena lata lobooledwa zilembo, kumbukirani kuti A, O, P ndi R zimafuna timilatho togwira pakati pake, ndipo mu fonti yothina kwambiri timilathoto timathyoka msanga. Pa ntchito imeneyo tengani Barlow Semi Condensed.

Chilolezo cha fonti musachinyalanyaze poti ntchito ndi ya kumudzi. Oswald, Barlow, Anton, Bebas Neue ndi League Gothic zonse zili pansi pa SIL Open Font License, imene imalola kuzigwiritsa ntchito pa malonda, pa mapaketi ndi pa zizindikiro popanda kulipira, bola musagulitse fonti payokha. Impact mukhoza kusindikiza nayo ngati inabwera ndi Windows yovomerezeka, koma simuloledwa kugawa fayilo yake. Mafonti ambiri a pa masamba ena amaloledwa pa ntchito za munthu payekha zokha, ndipo paketi ya ufa yogulitsa siili m'gulu limenelo. Potumiza ntchito kwa osindikiza ku Blantyre, sandutsani zilembo zonse kukhala zojambula, chimene mu CorelDRAW chimachitika ndi Convert to Curves, kenaka mutumize ngati PDF yokhala ndi miyeso yeniyeni ya bolodi. Mukapanda kutero, kompyuta ya osindikiza ikasowa fonti yanu imaikapo ina, ndipo mipata yonse imene munakonza imatayika. Sungani fayilo ina yosasandutsidwa kuti mudzathe kusintha mtengo kapena nambala, ndipo alimiwo muwapatse pepala limodzi lolembapo dzina la fonti, makulidwe ake ndi mitundu, pamodzi ndi fayilo ya chizindikiro, kuti aliyense amene adzawakonzere chinthu china m'tsogolo adzatsate zomwezo.